Ndalama za inshuwalansi ya moyo zikayambanitsa abale: zoyenera kuchita kholo likamwalira

Mikangano yambiri ya ndalama za inshuwalansi ya moyo imabuka anthu asanaone n'komwe pepala limene akulimbiranalo. Wina anamva malemu akunena kuti ndalamazo n'za sukulu ya ana aang'ono. Wina akuti ndiye ankalipira mwezi ndi mwezi bambo atapuma pantchito. Mayi opeza akuti mwamuna anali wawo, ana a mayi oyamba akuti bambo anali awo mayiwo asanabwere. Aliyense ali ndi pogwira, ndipo nthawi zambiri palibe amene akunama. Koma kampani ya inshuwalansi sifunsa zonsezi. Imatsegula faelo, n'kuona dzina limene malemu analemba pa fomu ya wodzalandira ndalama, n'kulipira munthu ameneyo.

M'nkhani ngati iyi mumakhala mafunso awiri amene anthu amawasakaniza: lamulo likupereka ndalama kwa yani, nanga chilungamo cha pabanja chikufuna chiyani. Loyamba limayankhidwa ndi mapepala, lachiwiri limayankhidwa ndi anthu atakhala pansi. Mukayamba ndi lachiwiri musanadziwe yankho la loyamba, mudzanenana mawu amene simudzatha kuwabweza. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, choncho mfundo zina muyenera kukazitsimikizira kwa loya wa kumene malemu anatengera inshuwalansiyo, koma ndondomeko yake ndi imodzi pafupifupi kulikonse.

Masabata oyamba: musasaine, musalonjeze

Pamene mitima idakali yosweka, musasaine pepala lililonse lonena kuti mwakana gawo lanu kapena mwapereka mphamvu kwa wachibale kuti akulandirireni. Musalonjezenso pakamwa kuti "zikabwera tidzagawana chimodzimodzi", chifukwa simukudziwa kuti n'zingati, n'za yani, ndiponso ngati zidzabwere n'komwe. Lonjezo lotere limakumbukiridwa kwa zaka, ndipo wolephera kulikwaniritsa amatchedwa wakuba ngakhale sanabe.

Musatape ndalama mu akaunti ya malemu ndi khadi lawo, ngakhale nambala yachinsinsi mukuidziwa ndipo cholinga n'chabwino. Ngati kholo linapatsa mmodzi wa inu kalata yomuloleza kuliyendetsera zinthu likudwala, mphamvu ya kalatayo inatha tsiku limene linamwalira.

Mapepala a malemu asatsegulidwe ndi munthu mmodzi. Sankhani anthu awiri, ndipo ngati banja lili ndi mbali ziwiri, monga ana a mayi osiyana, mbali iliyonse itulutse wake. Atsegule limodzi, alembe mndandanda wa zonse zimene apeza, ajambule pepala lililonse pafoni n'kutumizira onse tsiku lomwelo. Izi zingaoneke ngati kusakhulupirirana, koma zimateteza kwambiri munthu wokhulupirikayo. Amene anatsegula sutikesi yekha alibe mboni tsiku limene wina adzanene kuti munali chikalata china.

Fufuzani inshuwalansi zonse, osati imodzi yokha

Makolo ambiri sauza ana zimene analembetsa. Yang'anani masitetimenti a kubanki a chaka chathunthu, chifukwa ena amalipira kamodzi pachaka. Yang'anani mapepala a malipiro a kuntchito, mameseji a pafoni, imelo, ndi makalata. Funsani kumene ankagwira ntchito, ngakhale kumene anachokako, ndi kumabungwe kumene anali membala. Funsaninso kulikonse kumene anali ndi ngongole.

Zimene mungapeze sizifanana, ndipo apa ndi pamene mabanja amasokonezeka. Pali inshuwalansi imene munthu amadzitengera yekha n'kutchula wodzalandira. Pali ya kuntchito, imene olemba ntchito amatengera antchito onse pamodzi. Pali ya maliro, imene kawirikawiri imakhala yochepa ndipo imalipidwa msanga. Palinso yomangiriridwa ku ngongole: imeneyi imalipira banki kuti ngongole ithe, abale salandira kanthu m'manja, phindu lawo n'lakuti nyumba kapena galimoto sikulandidwa. Wachibale akamva kuti "bambo anali ndi inshuwalansi ku banki" koma osaona ndalama, amaganiza kuti wina wadya. Muuzeni msanga kuti inali yamtundu wanji.

Werengani mayina ndi madeti

Pa chikalata cha inshuwalansi pamakhala maudindo osiyana: mwini wake wa inshuwalansiyo, munthu amene moyo wake ndiwo unalembetsedwa, ndi wodzalandira. Wolipira mwezi ndi mwezi akhoza kukhala wina wapadera. Kulipira kokha sikusandutsa munthu kukhala wodzalandira. Mwana amene wakhala akulipirira mayi ake zaka khumi akhoza kupeza kuti dzina lolembedwa ndi la mng'ono wake amene sanaperekepo kalikonse. Zimawawa, ndipo m'mayiko ena khothi likhoza kumumvera ngati pali umboni wa pangano lakuti adzabwezeredwa, koma kampani payokha sidzasintha dzina chifukwa cha marisiti.

Onani ngati pali wodzalandira wachiwiri, amene amalowa m'malo woyamba akamwalira kale. Onani ngati magawo analembedwa, monga 50 peresenti kwa uyu, 25 kwa uyo. Chofunika koposa ndi deti la fomu yomaliza imene kampani inalandira. Chikalata chimene mwapeza m'nyumba chikhoza kukhala chakale, malemu atasintha dzina pambuyo pake. Kampani imatsata zimene zili m'faelo yake. Dziwaninso kuti makampani ambiri sauza munthu wamba dzina la wodzalandira. Angakuuzeni chabe kuti inu mulipo kapena mulibe. Amene khothi lamupatsa udindo woyendetsa chuma cha masiye ndiye amatha kupeza zambiri.

Wilo ndi fomu zikasiyana

Apa ndi pamene pagona mikangano yoopsa. M'mayiko ambiri, ndalama za inshuwalansi yokhala ndi wodzalandira wotchulidwa sizilowa m'chuma cha masiye. Zimapita kwa munthuyo mwachindunji, wilo osazikhudza. Bambo akhoza kulemba mu wilo kuti chuma chawo chonse chigawidwe mofanana kwa ana asanu, koma ngati pa fomu ya inshuwalansi pali dzina la mwana mmodzi, ndalamazo n'zake yekha. Zimalowa m'chuma cha masiye ngati sanatchule aliyense, ngati anatchula chuma cha masiyecho, kapena ngati wotchulidwayo anamwalira kale popanda wolowa m'malo. Zikatero zimagawidwa motsata wilo kapena lamulo la omwalira opanda wilo, ndipo okongoza malemu amayamba alipidwa ana asanagawane.

Nkhani ya mkazi kapena mwamuna wakale ndiyo imadabwitsa ana ambiri. Ku United States kunali mlandu wodziwika ndi dzina lakuti Egelhoff. Bambo wina anasudzulana ndi mkazi wake mu 1994, n'kumwalira pangozi ya galimoto patangotha miyezi iwiri, asanasinthe dzina pa inshuwalansi ya kuntchito. Ndalama zokwana madola 46,000 zinaperekedwa kwa mkazi wosudzulidwayo. Ana a bamboyo a m'banja lake loyamba anakasuma, podalira lamulo la chigawo cha Washington lakuti chisudzulo chimafafaniza dzina la mkazi wakale. Mu 2001 khothi lalikulu la dzikolo linagamula mokomera mkaziyo, chifukwa inshuwalansi ya kuntchito imayendera lamulo la dziko lonse, limene limauza kampani kutsata dzina lolembedwa. Koma mu 2018, pa mlandu wa Sveen ndi Melin, khothi lomwelo linalola lamulo lofanana nalo la chigawo cha Minnesota kugwira ntchito pa inshuwalansi imene munthu anadzitengera yekha, ndipo ana ndiwo anapambana. Dziko limodzi, nkhani zofanana, zigamulo zosiyana. Choncho musatengere zimene zinachitikira banja lina n'kukhulupirira kuti zanu zidzatha chimodzimodzi.

Ndalama za imfa zochokera ku thumba la penshoni nazo zili ndi njira yakeyake m'mayiko ena. Ku South Africa, ndime 37C ya lamulo la penshoni la 1956 imalamula oyang'anira thumba kufufuza onse amene ankadalira malemu n'kuwagawira mwachilungamo, ndipo fomu imene malemu analemba imangowathandiza kuganiza, siwamanga manja. Kumeneko mwana wobadwa kunja kwa banja, amene dzina lake silinalembedwe paliponse, akhoza kulandira gawo. Funsani nthawi zonse kuti ndalama zimene mukukambazo zikuchokera m'thumba liti.

Kupempha ndalama, ndi zifukwa zimene zimachepera

Wodzalandira ndiye amalemba fomu yopempha ndalama. Kampani idzafuna satifiketi ya imfa, chiphaso cha wopemphayo, nambala ya inshuwalansi, akaunti ya kubanki, ndipo nthawi zina lipoti la dokotala kapena la apolisi ngati imfa inali yangozi. Perekani makope otsimikizika, musunge anu, ndipo chilichonse chimene mwapereka akulembereni kuti alandira. Musazengereze, pakuti inshuwalansi zina, makamaka za maliro ndi za kuntchito, zili ndi nthawi yoikika yodziwitsira kampani.

Ndalama zikabwera zochepa kuposa zolembedwa pa chikalata, pemphani kalata yofotokoza kawerengedwe kake ndipo muonetse abale. Mwina malemu anakongola ndalama ku inshuwalansi yomweyo ndipo kampani yadula ngongoleyo ndi chiwongoladzanja. Mwina anaiika ngati chikole ku banki. Mwina panali miyezi imene sanalipire.

Kampani ikhozanso kukana kulipira. Ngati malipiro anaima n'kudutsa masiku achisomo (masiku amene kampani imadikira munthu akachedwa kulipira), amene kawirikawiri amakhala 30 kapena 31, inshuwalansi imatha mphamvu, ngakhale zina zimene zasonkhanitsa ndalama kwa zaka zimapitirira pang'ono zokha. Ngati munthu wamwalira m'zaka zoyambirira za inshuwalansiyo, m'mayiko ambiri zaka ziwiri, kampani ili ndi ufulu wofufuza ngati ananena zoona za matenda ake polembetsa. Imfa yodzipha nayo imakanidwa kawirikawiri ngati yachitika m'chaka choyamba kapena chachiwiri. Akakukanani, funani chifukwa chake cholembedwa, chotchula ndime ya chikalata imene adalira. Dandaulani kaye kukampani komweko, kenako kubungwe la boma loyang'anira makampani a inshuwalansi kapena ku ofesi yomva madandaulo a makasitomala, kumene kawirikawiri sikulipiritsa. Maofesi amenewa amaweruza pakati pa inu ndi kampani, osati pakati pa inu ndi mchemwali wanu.

Ngati mukukhulupirira kuti fomuyo si yoona

Kusakondwa ndi chisankho cha kholo si chifukwa chimene khothi lingamve. Kholo lili ndi ufulu wokondera, ngakhale kukonderako kukhale kopweteka. Zifukwa zimene zimamveka ndi zochepa: siginecha ndi yabodza, posaina malemu anali atasokonezeka maganizo moti sankadziwa chimene akuchita, anakakamizidwa kapena kunamizidwa ndi munthu amene ankamudalira pa chilichonse, kusinthako sikunatsate njira imene chikalata chimafuna, panali chigamulo cha khothi pa chisudzulo cholamula kuti ana akhalebe odzalandira, dzina loyamba linalembedwa mosasinthika popanda chilolezo cha mwini dzinalo, kapena lamulo la dzikolo limapatsa mkazi kapena mwamuna wa malemu gawo chifukwa malipiro ankachokera m'chuma cha onse awiri. Palinso mfundo yakale imene makhothi ambiri amatsata, yakuti wopha munthu mwadala sangalandire inshuwalansi ya munthuyo.

Ngati chimodzi mwa izi chikukukhudzani, liwiro ndilo lofunika. Lemberani kampani kalata ndalama zisanatuluke. Tchulani dzina la malemu, nambala ya inshuwalansi, ubale wanu, chifukwa chimene mukutsutsira, ndipo pemphani kuti asalipire aliyense nkhaniyo isanathe. Kampani ikalipira munthu wolembedwa isanalandire chidandaulo, kawirikawiri ntchito yake yatha, ndipo inu mumatsala ndi kulondola ndalama m'thumba la wachibale amene mwina wayamba kale kuzidya. Ikalandira chidandaulo chomveka, imatha kuimitsa malipiro, ndipo m'mayiko ambiri imakapereka ndalamazo ku khothi n'kusiya olimbiranawo kuti aweruzidwe kumeneko.

Kenako sonkhanitsani umboni wokhala ndi madeti. Fomu inasainidwa tsiku liti, nanga tsiku limenelo malemu anali kuti? Mabuku a kuchipatala akuti chiyani za nzeru zawo sabata imeneyo, ankamwa mankhwala anji? Anawatengera fomuyo ndani, mboni anali yani? Pezani masiginecha awo a m'zaka zomwezo oti afanizidwe. Dzina losinthidwa patatsala milungu iwiri kuti munthu amwalire, mokomera amene ankamudwazika n'kumaletsa ena kumuona, limafunsitsa mafunso. Koma ndikuchenjezeni ndi mtima wonse: kusintha mochedwa pakokha si umboni wa chinyengo. Makolo ambiri amasintha dala pofuna kuthokoza mwana amene anasiya ntchito yake n'kumawasambitsa ndi kuwadyetsa. Musanatchule mwana woteroyo kuti mbava, onani kaye zimene mapepala a dokotala akunena.

Mukapita kwa loya, mufunseni zinthu zitatu mosabisa: mwayi wopambana ndi wotani, mlanduwo ungadye ndalama zingati ndi nthawi yotalika bwanji, nanga nthawi yosumira imatha liti. Ndalama zikasungidwa ku khothi, zolipira maloya nthawi zina zimadulidwa pa ndalama zomwezo. Inshuwalansi yaing'ono ikhoza kuthera m'njira, opambana n'kutsala ndi zochepa kuposa zimene akanalandira pogwirizana. Funsaninso za mkhalapakati wovomerezeka, amene makhothi ambiri amalimbikitsa mlandu usanazengedwe.

Ngati fomu ndi yoona koma mitima ikuwawa

Mabanja ambiri amafika apa. Palibe chinyengo, dzina ndi la munthu mmodzi, ena atsala manja lende. Tsopano ndi nthawi ya funso lachiwiri lija, ndipo aliyense alowe m'zokambirana akudziwa kuti akupempha, sakulamula.

Kwa inu amene dzina lanu lalembedwa, ndikupemphani kuti musabise. Chinsinsi chimawononga kuposa ndalama. Abale akamva kwa anthu ena kuti munalandira miyezi itatu yapitayo, sadzakhulupiriranso chiwerengero chilichonse chimene mungatchule. Nenani nokha, kalata ya kampani ili m'manja: "Achimwene, achemwali, kampani yandilembera. Amayi analemba dzina langa, ndalama zake ndi izi. Sindinaganize chochita. Ndipatseni mwezi umodzi, ndimve maganizo a aliyense." Dzifunseninso moona mtima chifukwa chimene kholo linalembera inu. Ena amalembedwa chifukwa pa nthawiyo ndiwo okha anali akuluakulu, kholo likuyembekezera kuti adzasamala ang'ono awo. Ngati mukudziwa mumtima kuti ndi mmene zinalili, lamulo likhoza kukulolani kusunga zonse, koma mukudziwa chimene munapatsidwira.

Kwa inu amene mwasiyidwa, yesetsani kusiyanitsa ndalama ndi chilonda. Kawirikawiri chimene chikuwawa ndi kuganiza kuti bambo sankakukondani. Koma fomu yolembedwa zaka makumi awiri zapitazo, inu musanabadwe kapena mudakali kusukulu, sinena za chikondi. Imangosonyeza kuti munthu anaiwala kubwerera ku ofesi. Pemphani chinthu chodziwika: kubwezeredwa zimene munawononga kuchipatala ndi pamaliro, marisiti ali pomwepo, fizi ya mwana wakuti mpaka amalize, gawo lakuti. Pempho lokhala ndi chiwerengero limayankhika, pamene mawu akuti "uchite chilungamo" amangoyambitsa mkangano wina. Akulu anati chibale ndi fupa, sichiola, koma ndaonapo abale apamimba imodzi osalankhulana mpaka ana awo kukula osadziwana, nkhani yake ndi ndalama zimene zinatha kalekale.

Pamsonkhano pakhale munthu amene alibe gawo pa ndalamazo ndipo mbali zonse zimamulemekeza. Mayi kapena bambo wamasiye, ngakhale akhale opeza, asakhale yekha pakati pa gulu lomupanikiza, abwere ndi womuperekeza. Kuopseza wamasiye kuti apereke ndalama zimene lamulo lamupatsa ndi kulanda, ndipo m'mayiko ambiri ndi mlandu.

Mukagwirizana, lembani. Pepala litchule ndalama zonse, gawo la aliyense, tsiku lolipira, ndi mawu akuti nkhani yathera pomwepo. Onse asaine pamaso pa mboni, makamaka loya, ndipo ndalama ziyende kudzera ku banki kuti umboni ukhalepo. Samalani ndi njira yongokana ndalama ku kampani poganiza kuti zipita kwa amene mukufuna. Wokana sasankha wolandira: zimapita kwa wodzalandira wachiwiri kapena m'chuma cha masiye, kumene okongoza akudikira. Njira ina ndi kulandira kaye n'kugawa ngati mphatso, koma mayiko ena amadula msonkho pa mphatso zikuluzikulu, choncho funsani musanatumize.

Gawo la ana aang'ono

Kampani sipereka ndalama m'manja mwa mwana wosakwana zaka zaukulu, zimene m'mayiko ambiri ndi 18. Imafuna womuyang'anira wovomerezeka ndi lamulo, kapena imazipereka ku thumba losungira chuma cha ana. Apa pamabuka kulimbirana kwina, achibale kufuna kutenga mwana chifukwa cha ndalama zimene zikumutsata. Njira yoteteza mwanayo ndi kulekanitsa maudindo: wolera akhale wina, wosunga ndalama akhale wina kapena bungwe lovomerezeka. Akaunti ikhale ya mwanayo, yosasakanizidwa ndi ya munthu wamkulu aliyense, yofuna masiginecha awiri potapa. Fizi ilipidwe mwachindunji kusukulu, ndipo kamodzi pachaka wosunga ndalama aonetse sitetimenti ya kubanki kwa wachibale wa mbali ya mayi ndi wa mbali ya bambo. Sungani masitetimenti onsewo m'faelo imodzi, chifukwa mwanayo akadzakula ali ndi ufulu wofunsa mmene ndalama zake zinayendera.